Zoyenera kudziwa pogula matayala a galimoto ya pick-up

Pogula matayala a galimoto ya pick-up yonyamula theka la tani, chofunika kuyang'ana poyamba si mtengo ayi, koma kulemera kwa katundu amene tayalalo lingathe kusenza. Tayala lolemedwa mopyola muyeso limatentha msanga ndipo likhoza kuphulika galimoto ikuyenda, zomwe zimadzetsa ngozi zotayitsa miyoyo.

Kampani yopanga galimoto imalemba saizi yoyenera m'buku la galimotoyo, ndipo kawirikawiri imamatanso kachikwangwani pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Manambalawa ayenera kugwirizana ndi olembedwa m'mbali mwa tayala. Mwachitsanzo, pa tayala la 185/65 R15 88T, nambala ya 185 ndi kutambalala kwake m'mamilimita, 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi, pomwe 88 ikutanthauza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 560. Nambala ya katunduyi siyenera kuchepera pa imene kampani inakhazikitsa. Matayala okhala ndi zilembo C kapena LT anapangidwira galimoto zonyamula katundu.

Zaka za tayala n'zofunikanso. Kuyambira mu 2000, manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo DOT amasonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Choncho 2321 ndi sabata ya 23 mu 2021. Mphira umauma ndi kung'aluka ngakhale tayala lisanayendepo, ndipo makampani ambiri amalangiza kuti lisapyole zaka 10.

Pachifukwa ichi, oyang'anira galimoto m'maofesi ayenera kusamala ndi matayala a kaunjika. Tayala lotchipa koma lokalamba limadzalowetsa ofesi m'mavuto aakulu.