Madzi Amatiuza Chiyani? Mbiri ya Kolera ku Nyanja ya Chilwa

Lero tiyambire padooko la Kachulu m'boma la Zomba, pamene mabwato opita kuchilumba cha Chisi amanyamukira. Nyanja ya Chilwa ili ndi khalidwe limene nyanja zathu zina zilibe: mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi m'menemo, koma palibe mtsinje ngakhale umodzi wotulukamo. Kotero chimene chaloŵa, chabwino kapena choipa, chimakhala momwemo. Likangala tsono asanafike kunyanja amakhala atadutsa mumzinda wa Zomba, atasenza zonse zimene anthu a kumtunda amtayira.

Kolera inaoneka koyamba m'Malaŵi muno m'chaka cha 1973, ndipo kuyambira nthaŵi imeneyo dera la Chilwa lakhala likumveka kaŵirikaŵiri pa nkhani ya nthendayi. Chifukwa chake nchosabisika. Asodzi a matemba, makumba ndi milamba amakhala milungu yambiri pakati pa nyanja m'tinyumba toyandama totchedwa zimbowera. Madzi omwewo ndiwo akumwa, ophikira ndi osamba, ndiponso kumene amadzithandizira ndi komweko. Munthu akayamba kutsekula m'mimba usiku, chipatala chili kutali, ulendo wake wopalasa bwato kudutsa m'mabango. Pamene kolera imatha kutsitsa thupi madzi ndi kupha m'maora oŵerengeka chabe.

Kwa zaka zambiri mliri unkadziŵika pokhapokha odwala akayamba kufika kuchipatala, ndiye kuti moto utapsereza kale mbali ya tchire. Komatu nzeru yofunsa madzi m'malo modikira odwala ndi yakale ndithu. M'chaka cha 1854 dokotala John Snow wa ku London anaonetsa kuti anthu amene ankafa ndi kolera ankatunga madzi pampope umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Mu 1884 Robert Koch anapeza kachilombo ka kolera m'dziŵe limene anthu ankatungamo madzi ku Calcutta.

Amene ine amandigometsa kwambiri ndi Brendan Moore wa ku England. M'chaka cha 1948, pofufuza gwero la nthenda yofanana ndi taifodi m'tauni ina ya m'chigawo cha Devon, iye anamanga kansalu ka bandeji kuchingwe, nkukaviika m'ngalande ya zonyansa zochokera m'zimbudzi kwa masiku aŵiri, kenaka nkukapima. Akapeza tizilombo, ankasunthira kumtunda, ngalande ndi ngalande, monga mlenje wolondola mapazi a nyama, mpaka anafika panyumba pamene panali munthu wofalitsa nthendayo mosadziŵa. Msodzi aliyense wa ku Kachulu angaimvetse njira imeneyi, pakuti sikusiyana ndi kutchera mono madzulo nkukauonjola maŵa.

Kansalu ka Moore kafika ndi kuno kwathu. Ku Blantyre, kumene nyumba zambiri zilibe mapaipi a suweji, akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anakatchera m'mitsinje ndipo anapeza tizilombo ta taifodi. Kuyambira mu 2020 anapimanso madzi a m'mitsinje ndi a m'suweji pofufuza Covid-19, naona kuti kachilomboko kamachuluka m'madzi odwala asanachuluke m'zipatala. Ndipo boma litalengeza mu February 2022 kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ntchito yopima madzi a zonyansa m'mizinda ikuluikulu inakhazikitsidwa, chifukwa ambiri mwa otenga poliyo sapuwala, koma kachilomboko amakataya m'chimbudzi.

Phunziro la ku Blantyre ndilo likukhudza Chilwa: mapaipi akasoŵa, mtsinje womwe ungathe kuŵerengedwa. Komabe tisadzinamize kuti nzophweka. Madzi a m'nyanja ndi ochuluka, tizilombo timasungunukiramo. Kachilombo ka kolera kali ndi abale ambiri okhala m'madzi amene sayambitsa mliri, kotero pamafunika labotale yodziŵa kusiyanitsa. Nyanjayonso siikhazikika. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Pamene watchera chaka chino mwina chaka chamaŵa pali ming'alu ya dothi. Ndiponso botolo la madzi lingakuuzeni kuti nthenda ilipo, koma silikumba chimbudzi kapena kukonza mjigo. Mliri umene unayambira m'boma la Machinga mu March 2022 unafalikira dziko lonse nkupha anthu oposa 1,700.

Chimene anthu a kunyanja anatsimikiza kale nchakuti akapatsidwa udindo amaugwira. Kolera itabuka ku Chilwa kumapeto a 2015, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi mabungwe monga Médecins Sans Frontières anapereka katemera wakumwa mu 2016. Vuto linali lakuti katemerayo amamwedwa kaŵiri, patapita milungu iŵiri, ndipo msodzi wa m'zimbowera sangasiye maukonde kuti abwerere kumtunda. Motero atamwa woyamba, asodziwo anapatsidwa kabotolo kachiŵiri m'kathumba ka pulasitiki, napita nako kunyanja kuti akamwe okha tsiku lake likakwana.