Tanthauzo la zizindikiro za chenjezo pa mabotolo a mankhwala oopsa

Lilongwe, Mana: M'misika ya m'madera monga Mtsiliza, Chinsapo ndi Mgona mumzinda wa Lilongwe, mankhwala ophera makoswe, mphemvu ndi nsikidzi kawirikawiri amagulitsidwa pang'onopang'ono m'timapepala kapena m'mabotolo a zakumwa opanda malembo. Wogula amatenga poizoni yekhayo, pomwe chenjezo lake limatsala pa chigubu chomwe mankhwalawo adachokeramo.

Chenjezoli limaperekedwa kudzera m'zithunzi ndi mitundu. M'chaka cha 2003, bungwe la United Nations lidasindikiza ndondomeko ya GHS, yomwe ili ndi zithunzi 9. Chilichonse n'chakuda, ndipo chimazunguliridwa ndi mzere wofiira wa ngodya zinayi.

Mwa zithunzizi, chigaza ndi mafupa awiri opingasa chimasonyeza kuti mankhwalawo angathe kupha ngakhale atakhala ochepa. Lawi limasonyeza kuti sachedwa kuyaka. Madontho ogwera padzanja ndi pachitsulo amachenjeza za mankhwala owotcha khungu ndi maso, monga asidi wa m'batire. Munthu wokhala ndi nyenyezi pachifuwa amaimira matenda monga khansa ndi kuwonongeka kwa ziwalo za m'thupi. Nsomba yakufa ndi mtengo wouma zimatanthauza kuti zotsalira zisatayidwe m'ngalande kapena m'mitsinje monga Lingadzi.

Mankhwala aulimi amakhalanso ndi mzere wa mtundu m'munsi mwa malembo. Malinga ndi malangizo a bungwe la FAO, wofiira ndi wa mankhwala oopsa kwambiri, ndipo wachikasu, wabuluu ndi wobiriwira amatsatira motero. Ngakhale a mzere wobiriwira amafunikabe kusamala. Tameki, yemwe dzina lake lenileni ndi aldicarb, ali m'gulu loopsa kwambiri pa mndandanda wa bungwe la WHO.

M'dziko muno, lamulo la Pesticides Act la 2000 lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, lomwe limalembetsa mankhwala ophera tizilombo ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa.

Choncho alangizi a zaumoyo, a zaulimi komanso oyang'anira misika ali ndi udindo wophunzitsa anthu kugula mankhwala m'botolo lake lenileni, kuwasunga kutali ndi ana ndi zakudya, komanso kusatungira madzi m'zigubu zakale. Munthu akamwa poizoni, athamangire naye kuchipatala pamodzi ndi botololo, popeza malembo ake ndiwo amathandiza madotolo kudziwa chithandizo choyenera.