Mwini Mpando ndi Mlendo: Mbiri ya Nyumba za Mowa za m'Tinjira ta ku Bolton

Mau Oyamba

Mphunzitsi aliyense amene anayesapo kumasulira nkhani ya Cingerezi m'Cinyanja anakumanapo ndi liu lakuti pub, ndipo anaona kuti silimasulirika msanga. Tikati bala, womvera amaganiza za malo a nyimbo zaphokoso a pakati pa tauni. Tikati shabini, amaganiza za mowa wogulitsidwa mozemba lamulo. Liuli ndi cidule ca mau akuti public house, ndiye kuti nyumba ya munthu imene zitseko zake zatsegulidwa kwa anthu onse. Palinso liu lina, lakuti local, limene Angerezi amachula ponena za nyumba ya mowa ya pafupi ndi kwao, kumene munthu amapita mlungu uliwonse, ali ndi mpando wake, ndipo wogulitsa amadziwa cakumwa cake iye asanaitanitse. Zambiri mwa nyumba zotere zinali pa ngodya za tinjira ta kuseri, pakati pa nyumba za anthu ogwira nchito m'mafakitale.

Nkhani ino ikulondola mbiri ya nyumba zimenezi, makamaka za ku Bolton, tauni ya kufupi ndi Manchester imene kale inali ya mafakitale a thonje, ndipo pa nthawiyo inali m'cigawo ca Lancashire. Tasankha Bolton cifukwa nyumba zake za mowa zinafufuzidwa mwatsatanetsatane kuyambira m'caka ca 1937. Mfundo yathu ndi yakuti ubwino wa local ndi kuipa kwake zinacokera pa muzu umodzi, ndiwo kudziwana kwa anthu ocepa a m'dera limodzi. Kudziwanako kunafunditsa eni dera, kunatsekera ena kunja, ndipo dera litapasuka nyumba ya mowa inasowa poimira.

Lamulo la 1830

Angerezi anayamba kale kwambiri kumwa mowa m'nyumba za ogulitsa, koma kuculuka kwa tinyumba ta mowa ta m'tinjira kunabwera ndi lamulo lochedwa Beerhouse Act la 1830. Lamuloli linalola aliyense wolipira msonkho wa nyumba kugula laisensi ndi mapaundi 2 ndi masheleni 2, n'kuyamba kufulula ndi kugulitsa mowa panyumba pake, popanda kupempha cilolezo kwa oweruza a m'dera. Laisensiyi sinali kulola zakumwa zaukali. Boma linafuna kucotsa anthu osauka ku gin, cakumwa congati kacasu, ndiponso kucepetsa mphamvu za makampani akuluakulu ofulula mowa. Caka ca 1830 cisanathe, nyumba zatsopano zoposa 24,000 zinali zitatsegulidwa ku England ndi Wales, ndipo pasanathe zaka 10 zinapitirira 40,000.

Ambiri mwa ogula laisensi anali anthu wamba amene anangosandutsa cipinda ca kutsogolo kukhala comweramo. Ici ndico cifukwa local inasunga maonekedwe a nyumba yokhalamo: tizipinda tating'ono, moto wa malasha, ndi banja la mwini wake likugona m'cipinda capamwamba. Ku Bolton, kwao kwa Samuel Crompton amene anapanga makina opota thonje m'caka ca 1779, mabanja a anchito anali kukhala mothinana m'nyumba za njerwa zogundizana m'mizere. Mwamuna wocoka ku fakitale anali kupeza m'nyumba ya mowa zimene kwao kunalibe: malo okhala, kutentha, kuwala, nyuzipepala ndi anthu oceza nao. Mabungwe othandizana pa matenda ndi maliro anali kusonkhana momwemo, mabungwe a anchito cimodzimodzi, ndipo ngakhale milandu yofufuza za imfa zadzidzidzi inali kuzengedwa m'nyumba za mowa m'matauni ambiri.

Otsutsa sanacedwe. M'caka ca 1832, ku Preston, m'cigawo comweco ca Lancashire, Joseph Livesey ndi anzake 6 analumbira kuti sadzamwanso cakumwa coledzeretsa ciriconse, ndipo liu la Cingerezi lakuti teetotal linabadwira m'gulu lao. Madandaulo ao anali ndi maziko. Mabwana ena anali kulipira anchito m'nyumba za mowa, kotero kuti ndalama ya mlungu inali kuyamba kutha isanafike kwa mai ndi ana. Mcitidwe umenewu unaletsedwa ndi lamulo m'caka ca 1883.

Ofulula Mowa ndi Boma

Ufulu wa 1830 unatha m'caka ca 1869, pamene malaisensi onse anabwezedwa m'manja mwa oweruza. Popeza laisensi yatsopano inayamba kuvuta kupeza, makampani ofulula mowa anathamangira kugula nyumba zimene zinali nayo kale. Pofika m'caka ca 1900 nyumba za mowa zambiri zinali za makampani, kapena zomangidwa kwa iwo ndi ngongole. Woyendetsa nyumba anasanduka wa lendi, wokakamizidwa kugula mowa kwa kampani imodzi pa mtengo umene kampaniyo yanena. Lamulo limene linafuna kucepetsa mphamvu za ofulula linatsirizira pa kuwapatsa ngodya ya kanjira kalikonse. Wakumwa anali kuona nyumba ya mnansi wake, koma phindu linali kupita kwina.

Boma nalonso linapitiriza kumanga. Lamulo la 1908 linaletsa ana osafika zaka 14 kulowa m'zipinda zomweramo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, m'caka ca 1915, akuluakulu poopa kuti mowa ukucedwetsa nchito yopanga zida anacepetsa nthawi yogulitsa kufika pa maola 5 ndi theka pa tsiku m'madera ambiri, nalamula kuti nyumba zizitsekedwa masana, naletsanso munthu kugulira mnzake mowa. Lamulo loletsa kugulirana linatha nkhondo itatha, koma kutseka kwa masana kunakhalapo mpaka m'caka ca 1988.

Kafukufuku wa ku Bolton

M'caka ca 1937 Tom Harrisson, Charles Madge ndi Humphrey Jennings anayambitsa gulu lochedwa Mass Observation. Harrisson anali atakhala pakati pa anthu a ku zilumba za New Hebrides, ndipo anatsimikiza kuti Angerezi ayenera kufufuzidwa monga momwe iwo anali kufufuzira mitundu ina. Owerenga a kuno adzakumbukira kuti m'caka comweco bungwe la Rhodes-Livingstone Institute linakhazikitsidwa ku Livingstone, ndipo posakhalitsa Godfrey Wilson anayamba kufufuza moyo wa anchito a ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe. Funso linali lofanana: kodi anthu a m'matauni a mafakitale ndi migodi amapanga bwanji ubale kumalo kumene anasonkhana cifukwa ca nchito?

Harrisson anakhazikika ku Bolton, imene anaicha Worktown m'zolemba zake. Tauniyi inali ndi anthu pafupifupi 180,000 ndi nyumba za mowa pafupifupi 300. Ofufuza anali kukhala m'nyumbazi usiku ndi usiku, akuwerenga olowa, akulemba zokambidwa, ndi kuyesa ndi wochi nthawi imene munthu amatenga kuti atsirize tambula. Humphrey Spender anajambula zithunzi. Zotsatira zinatuluka m'caka ca 1943 m'buku lakuti The Pub and the People, limene mbali yake yaikulu inalembedwa ndi John Sommerfield.

Anapeza kuti nyumba imodzi inali ndi zipinda za maulemu osiyana. Mu vault amuna anali kumwa caciriri, atavala zovala za kunchito, pansi pali utuci ndi mbale zolavuliramo. Mu taproom munali mabenchi ndi masewera monga madomino, ndipo namonso munali amuna okhaokha. Mu parlour munali mipando yabwino, anthu anali kuvala bwino, mowa unali kubweretsedwa pa tebulo, ndipo mtengo unali wokwera ndi kobiri limodzi pa painti. Akumwa ambiri anali a m'tinjira tozungulira, oyenda mphindi zocepa kucokera kwao. Anthu omwa pamodzi anali kutsiriza matambula ao pafupifupi nthawi imodzi, cifukwa aliyense anali ndi nthawi yake yogulira gulu lonse. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika, ndipo ku Bolton wolandira osabweza anali kutaya ulemu. Kuledzera kwa cipwirikiti kunali kosowa, pakuti munthu anali kumwa pamaso pa anansi amene adzakumane nao m'mawa ku fakitale.

Ofufuzawo anaonanso kuti ku chalichi, ku kanema ndi ku bwalo la mpira anthu wamba anali oonerera zokonzedwa ndi ena, pamene m'nyumba ya mowa anali ocita okha. Momwemo munali magulu osunga ndalama za chuti, a mpikisano wa nkhunda, a maulendo a pacaka, ndiponso otolera mobisa ndalama za njuga ya mahachi, imene inali yoletsedwa kunja kwa mabwalo a mpikisano mpaka m'caka ca 1961. Apa ndi pamene panali cikoka ca local. George Orwell, polemba mu nyuzipepala ya Evening Standard m'caka ca 1946 za nyumba ya mowa ya kumtima kwake, anaiika m'kanjira ka kuseri kumene zidakwa zaphokoso sizifika. Kumapeto anavomera kuti nyumbayo kulibe, anangoilota.

Amene Anatsala Panja

Nyumba yochedwa ya anthu onse sinali ya onse. Ku Bolton mkazi sanali kuloledwa mu vault kapena mu taproom. Malo ake anali parlour, kumene mowa unali wokwera mtengo, ndipo ambiri anali kubwera kumapeto kwa mlungu ndi amuna ao. Ena anali kugula mowa m'jagi pa kazenera, n'kukamwera kunyumba. Ufulu wa mwamuna wokhala pa moto wa local unali kudalira mkazi wotsala ndi ana m'nyumba yothina ija. Zipinda za amuna okhaokha zinaletsedwa ndi lamulo la Sex Discrimination Act m'caka ca 1975.

Mlendo naye anali kumva kuzizira. Malo amene aliyense amadziwika ndi dzina ndi malo amene wosadziwika amaonekera msanga, ndipo kwa anthu akuda ndi Amwenye amene anabwera kudzagwira nchito nkhondo yaciwiri itatha, kuzizirako kunali tsankho loonekeratu. M'caka ca 1953 Len Johnson, katswiri wa nkhonya wobadwira ku Manchester, amene atate ake anali a ku Sierra Leone, anakanizidwa cakumwa m'nyumba yochedwa Old Abbey cifukwa ca khungu lake. Anthu ambiri, akuda ndi oyera, anasonkhana panja kutsutsa, ndipo ciletsoco cinacotsedwa. M'mwezi wa Febuluwale 1965 Malcolm X anaceza ku Smethwick, kufupi ndi Birmingham, ndipo Avtar Singh Jouhl wa bungwe la Indian Workers' Association anamutengera ku nyumba yochedwa Blue Gates kuti adzionere yekha cipinda cimene anthu osakhala azungu sanali kugulitsidwamo mowa. Lamulo la Race Relations Act la caka comweco ndilo linayamba kuletsa tsankho lotere m'malo a anthu onse.

Kupasuka kwa Madera

Local inali kudalira anthu okhala pamtunda woyenda pansi, ndipo anthuwo anamwazika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 maboma a matauni anagumula mizere ya nyumba zakale n'kusamutsira mabanja ku malo atsopano akutali, ndipo kawirikawiri nyumba ya mowa inali kutsala yokha pakati pa zigumu. Mafakitale a thonje a ku Lancashire anatsekedwa limodzi ndi limodzi. Nyumba zatsopano zinali zotentha ndi zokhala ndi wailesi yakanema, ndipo masitolo akuluakulu anayamba kugulitsa mowa wochipa. Kuyambira m'caka ca 1960 anthu anali kuonera sewero la Coronation Street, limene likulu lake ndi local yopeka yochedwa Rovers Return, ali khale m'nyumba zao.

M'caka ca 1989 boma, poona kuti makampani 6 anali kufulula pafupifupi magawo atatu mwa magawo anai a mowa wonse, linalamula kuti akuluakuluwo amasule nyumba zao zambiri. Zambiri zinagulidwa ndi makampani a malo, amene anapitiriza kumanga a lendi pa mtengo wa mowa. M'caka ca 2007 kusuta fodya m'kati kunaletsedwa ku England, cinthu cimene cinathandiza thanzi la ogwira nchito koma cinavuta tinyumba topanda bwalo. Malinga ndi bungwe la British Beer and Pub Association, dziko la United Kingdom linali ndi nyumba za mowa 69,000 m'caka ca 1980, 60,800 m'caka ca 2000, ndi 47,200 m'caka ca 2019, mliri wa Covid-19 usanazitseketse zonse m'mwezi wa Malichi 2020.

Mau Otsiriza

Si zonse zinafa. Lamulo la Localism Act la 2011 linapatsa anthu a m'dera mpata woyesa kugula nyumba imene ikugulitsidwa, ndipo m'caka ca 2013 anthu a ku Nunhead, mu London, anagula Ivy House mwa njira imeneyi. Ku Smethwick ndi matauni oyandikana nayo, nyumba zambiri zimene kale zinali kukana Amwenye zinadzatengedwa ndi mabanja ocokera ku Punjab, amene anayamba kuochamo nyama ndi kuphika zakudya za kwao, nakoka mabanja a mitundu yonse. Mwambi uja wakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa unapherezera pamenepa: nyumba zimene zinapulumuka ndi zimene zinalandira anthu amene local yakale inali kuwasiya panja.

Cotero wophunzira akakumana ndi liu lakuti local m'buku la Cingerezi, mphunzitsi asakhutire ndi kumuuza kuti ndi bala. Amufotokozere za moto wa malasha ndi mwambo wogulirana, za kampani imene inali mwini nyumba weniweni, ndi za mai wogula mowa m'jagi pa kazenera. Amufunsenso kuti m'nkhani imene akuwerengayo ndani ali ndi mpando wake, ndipo ndani waima pakhomo.