Madzi m'thumba la mtima

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndili mwana ku Zengeza, amalume anga anasiya kugona chagada. Usiku ankachezera pampando atawerama, zigongono zili pamawondo, chifukwa akangogona pachifuwa pankabaya, makamaka pokoka mpweya. Ankaonda, thukuta lili kamukamu usiku. Agogo, omwe anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno dziko likadali Southern Rhodesia, ankati ndi chibayo.

Dokotala atamvetsera pachifuwapo anamva phokoso longa la zikopa ziwiri zouma zikukhulana. Kunyumba uthenga unafika woti "madzi ali mumtima". Lero, monga womasulira, mawuwa amandivuta: madziwo sakhala mumtima, amadzaza m'thumba lopyapyala lomwe limakuta mtima, thumbalo likatupa. Madokotala amati pericarditis. Madziwo akachuluka amapanikiza mtima, ndipo amawakoka ndi singano.

Ku Ulaya nthendayi kawirikawiri imayamba ndi mavairasi, ndipo asipirini kapena ibuprofen pamodzi ndi colchicine amakwanira. Kwathu kuno gwero lake lalikulu ndi TB, ndipo Edzi itafika odwala anachuluka. Mankhwala a TB a miyezi isanu ndi umodzi panalibe wowatsutsa. Mkangano unali pa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa: kodi awonjezedwe?

Ndinadabwa nditadziwa kuti mbali ina ya mkanganowo inachitikira pafupi ndi kwathu. Mu 2000, James Hakim ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa ku Harare wa odwala 58 okhala ndi HIV, woonetsa kuti prednisolone amathandiza. Koma 58 ndi anthu ochepa. Bongani Mayosi wa ku Cape Town anatsogolera kafukufuku wa IMPI, wa odwala 1,400 m'maiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Zotsatira za 2014 zinali zosakanikira: prednisolone anachepetsa vuto la thumba kuuma n'kufinya mtima, koma imfa sanazichepetse, ndipo mwa okhala ndi HIV khansa inachuluka.

Sindinaonepo khadi la kuchipatala la amalume, ndipo iwo amangokumbukira mapilitsi odzaza dzanja m'mawa uliwonse. Mayosi anamwalira mu 2018, Hakim mu Januwale 2021 ndi Covid-19. Amalume akadali moyo ku Zengeza komweko, ndipo mpando uja anaupereka kwa mdzukulu wawo.