Mphini za Machona: Lumo la Makolo ndi Singano ya Makina ku Silobela

Munthu wochokera mumzinda wa Kwekwe kulowera chakumadzulo, kumka ku Silobela kumene kuli mgodi wa golide wa Jena, akapeza mwayi wocheza ndi nkhalamba za m'makomboni zimene malilime awo sanataye Chinyanja, angathe kuona pamasaya ndi pamphumi pa ena mwa iwo timizere tozilala, timene makwinya atsala pang'ono kutimeza. Ndipo timizere timeneto, timene adzukulu amatipenya tsiku ndi tsiku osafunsa chiyambi chake, ndito mphini, kalata yakale koposa imene anthu akwathu adafika nayo kutsidya lino la Zambezi.

Kumudzi mphini sizinali za chibwana. Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja ali ndi zizindikiro zawo pakhungu, akazi atavalanso chokometsera pamlomo wam'mwamba. Ndipo mitundu ina, Achewa, Ayao ndi Alomwe, inali ndi katemedwe kakekake, pamene Angoni ankadziwika ndi kuboola makutu, kotero kuti mlendo asanatchule mfunda wake nkhope inali itamuneneratu kwawo. Mtsikana akayandikira chinamwali ankapita naye kwa mayi wachikulire wodziwika ndi dzanja labwino, amene ankatsina khungu, kulitema ndi lumo, ndi kutikitamo makala osinja osakaniza ndi mafuta a nsatsi, kuti chilonda chikapola chisiye kadontho kakuda kotukuka. Zina zinali za pankhope, zoonedwa ndi aliyense. Zina za pamimba, m'chiuno ndi m'ntchafu zinali za m'nyumba, ulemu wa banja, ndipo za izo akulu salankhula pabwalo. Panalinso mphini za sing'anga, zopakamo mankhwala ochiza mutu kapena otsirika thupi, ndipo mnyamata wonyamuka ulendo wa kumigodi kawirikawiri ankayamba walandira zimenezi. Chimene ine ndichiyesa chachikulu pa mwambo wonsewu ndi ichi, chakuti palibe amene ankapereka thupi lake kwa munthu wosadziwika: wotema anali wa m'mudzi momwemo, ntchito ya manja ake inkaoneka pamatupi a anansi, ndipo akalakwitsa ankakumana ndi cholakwa chake kudambo m'mawa uliwonse.

Tsono kudabwera msonkho, ndipo pamodzi ndi msonkho maulendo. Bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1903, limene anthu adalitcha chibalo chifukwa cha nkhanza zake, lidakokera amuna a ku Nyasaland kumigodi ya Southern Rhodesia; pambuyo pake kudadza bungwe lina lolemba anthu ntchito, la Mthandizi, ndipo ambiri adangoyenda okha wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kufikira atalembedwa ntchito kumgodi wa Globe and Phoenix ku Que Que (Kwekwe ya lero), kumigodi ya Selukwe ndi Shabani, kapena kung'anjo za chitsulo za ku Redcliff. Mzungu wa mgodi ankamudziwa munthu ndi chitupa ndi nambala. Koma m'komboni, momwe munasonkhana anthu a zinenero zambiri, mbale ankazindikira mbale wake pomuyang'ana m'litsipa, ndi kumupatsa malo ogona asanamufunse dzina. Eni dziko, Ashona, anali nazo mphini zawo zotchedwa nyora, choncho mwambowo sunali wachilendo kwa iwo; chachilendo chinali katemedwe, kamene pamodzi ndi Gule Wamkulu kankasonyeza poyera kuti uyu ndi Mnyasa, ndipo nthawi zina kankamuitanira chitonzo. Amene sadabwererenso kwawo, amene timawatcha machona, adaikidwa m'manda a kumigodi ali ndi zizindikiro za Dedza, Ntcheu ndi Mulanje pamatupi awo.

Mwambowu udafota msanga. Mipingo, ndi wa Nkhoma womwe, umene udatuma mbusa T. C. B. Vlok ku Salisbury (Harare ya lero) m'chaka cha 1912 kukaweta nkhosa zobalalikazi, inkaloza ku lamulo la m'buku la Levitiko loletsa kudzicheka ndi kudzilemba pathupi. Sukulu idachititsa atsikana manyazi. Ndipo ana obadwira m'komboni, amayi awo ali Ashona kapena Andebele, analibe namkungwi wowatema. Chotsiriza chidali kachilombo koyambitsa Edzi, kamene kadapezeka koyamba ku Zimbabwe ndi ku Malawi m'chaka cha 1985, pakuti kuyambira pamenepo lumo limodzi lotemera anthu ambiri lidasanduka chinthu choopsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mphini za pakhungu zitatha, chizindikiro cha papepala chidatsala: zitupa za ana ndi adzukulu a machona zidapitiriza kuwatcha alendo m'dziko lobadwiramo, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 adatsegula njira yoti obadwira m'Zimbabwe mwa makolo a m'maiko oyandikana nawo akhale nzika.

Lero adzukulu omwewo ayambanso kulemba matupi awo, koma ndi chipangizo china, makina a magetsi amene Samuel O'Reilly adawalembetsa ku New York m'chaka cha 1891, obaya singano mofulumira ndi kusiya inki pansi pa khungu. Akale adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindikana kuti kalumo aka kamajambula mokongola kuposa ka agogo. Wina amalembetsa dzina la amayi ake, wina mtanda, wina nkhope ya chilombo cha Gule, ndipo ine sindiona choipa mwa mwana wofuna kunyamula kwawo pamkono. Nkhawa yanga ili pa wogwira makinawo. Mnyamata wokumba golide ku Silobela akagulitsa pang'ono pamene wapeza, ndalama zili m'thumba, sachedwa kupereka mkono kwa woyendayenda amene lero ali pa sitolo, mawa wapita, ndipo chilonda chikatukusira palibe womufunsa. Amene akwera basi kumka ku nyumba zojambulira za ku Bulawayo kapena Harare nayenso asanyengedwe ndi magalasi ndi zithunzi za pakhoma, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Achite monga ankachitira makolo: ayambe waona anthu amene mmisiriyo adawajambula kale ndipo zilonda zawo zidapola, pakuti inki ya dzulo imawala pa aliyense, aone singano ikutsegulidwa m'pepala lake iye akupenya, inki ikuthiridwa m'kachikho katsopano, mmisiri atasamba m'manja ndi kuvala magolovesi, afunse ngati zitsulo zimaphikidwa m'makina a nthunzi, chifukwa kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Ndipo popeza khungu limatenga masabata awiri kapena kuposerapo kuti litseke, wantchito wa pansi pa mgodi asankhe nyengo imene angathe kukhala kutali ndi matope ndi madzi a m'dzenje kufikira nkhanambo zitayoyoka zokha.