Kansomba konga usipa kamene kanalemeretsa Peru kenako n'kusowa

Abale anga a kunyanja, kuyambira ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima mpaka ku Mangochi, lero tipite kutali, ku South America. Werengani mpaka kumapeto, nkhaniyi ndi ya asodzi anzathu.

Kumadzulo kwa South America kuli mayiko a Peru ndi Chile. Mbali imodzi kuli mapiri ataliatali a Andes, mbali inayo nyanja yamchere ya Pacific. Pakati pake pali kamzere ka dziko louma gwa. Mumzinda wa Lima mvula yeniyeni sigwa, kumangochita nkhungu. Kumpoto kwa Chile kuli chipululu cha Atacama, kumene malo ena zaka zimadutsa osaona dontho. Chimachititsa n'chiyani? M'nyanjamo muli mkokomo wa madzi ozizira otchedwa Humboldt, ochokera kumwera, mbali ya ku Antarctica, amene amayenda motsata gombe kulowera kumpoto. Madzi ozizira sabala mitambo ya mvula. Koma mphepo ikamakankha madzi a pamwamba, a pansi amakwera ndi zakudya za nsomba. Inu mukudziwa zimene mwera umachita kuno mu June ndi July, ndi zomwezo, kungoti uko zimachitika pafupifupi chaka chonse. Ndiye kumtunda kouma, m'madzi nsomba zosaneneka, makamaka anchoveta, kansomba ka msinkhu wa usipa wamkulu, koyenda m'magulu.

Oyamba kulemera nako sanali asodzi ayi. Mbalame zodya anchoveta zinaunjika zitosi pa zilumba za Chincha kwa zaka mazanamazana, ndipo popeza kulibe mvula yozikokolola, zinasanduka milu ngati zitunda. Kuyambira m'ma 1840 Peru ankazigulitsa ku Ulaya ngati feteleza, dzina lake guano. Ndalama zake zinali zambiri moti mu 1864 asilikali apamadzi a Spain analanda zilumbazo. Taganizani, kumenyanirana zitosi!

M'ma 1950 anthu anati bwanji titenge nsombayo ife eni m'malo modikira mbalame. Anamanga mafakitale ogaya anchoveta kukhala ufa wodyetsa nkhuku ndi nkhumba za kunja. Tauni ya Chimbote inakula msangamsanga, anthu akutsika m'mapiri kudzafuna ganyu. Maboti a injini ankachuluka chaka ndi chaka, ambiri ogula pangongole. Mu 1970 anagwira matani oposa 12 miliyoni, ndipo Peru anali patsogolo pa dziko lonse pa usodzi. Akatswiri a bungwe la boma la IMARPE ankachenjeza kuti zanyanya, koma mwini boti wa ngongole ungamuuze kuti asalowe m'madzi?

Tsono asodzi a kumpoto kwa Peru, cha ku Paita, ankadziwa kuyambira kale kuti nyengo ya Khirisimasi kumabwera madzi ofunda. Anawatcha El Niño, kutanthauza mwana wamwamuna, poganizira Yesu wakhanda. Zaka zina madzi ofundawa amabwera mwamphamvu, amaphimba ozizira aja, chakudya sichikwera. Mu 1972 zinatero. Anchoveta anathawira kufupi ndi gombe kumene kunatsala madzi ozizira, n'kuunjikana. Maukonde ankadzaza, anthu n'kumati nsomba zilipo zambiri, osadziwa kuti akukokolola zotsala zenizeni. Pofika 1973 zogwidwa sizinafike n'komwe matani 2 miliyoni. Mafakitale anatseka, anthu zikwizikwi ntchito inawathera, mbalame zinafa ndi njala. Chaka chomwecho boma la Juan Velasco Alvarado linalanda bizinesi yonseyo n'kuyiika pansi pa kampani ya boma ya Pesca Perú, koma lamulo silibereka nsomba. Zinatenga zaka pafupifupi makumi awiri kuti anchoveta abwerere bwinobwino.

Mfundo yanga ili apa. El Niño anabwerapo kambirimbiri m'mbuyomo, nsomba n'kuchepa, kenako n'kubwerera. Mu 1972 anapeza nyanja yofooka kale ndi maukonde. Ine ndakulira pa doko, ndipo mawu oti "nsomba ndi za Mulungu, sizingathe" ndawamva kuyambira ndili mwana. A ku Chimbote nawonso ankakhulupirira choncho, m'nyanja yaikulu kuposa yathu kutalitali.

Anaphunzirapo. Masiku ano boma la Peru limayamba layeza nsomba, n'kuika malire a matani ogwira, ndipo ana a nsomba akachuluka m'maukonde amatseka. Mu 2023 El Niño atabweranso, anaimitsa nyengo yoyamba yonse ya usodzi wa anchoveta m'dera lawo lalikulu. Zinawawa, koma mbewu inatsala.

El Niño yemweyo ndi amene anatiwotchera chimanga kuno, mpaka mu March 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Minda ikakanika anthu amathamangira kunyanja, ena ndi maneti a udzudzu, bonya ndi kasawala yemwe osasiya. Chambo cha ku Malombe tonse tikudziwa mmene chinathera. Pomwe ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula, nsomba zikupezekabe.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Tumizaniko ku magulu a asodzi ndi a komiti za m'madoko, akambirane nyengo yotseka isanafike.