Mbiri ya Amisiri Opanga Zithunzi Zoyenda

Makolo ambiri a ku migodi ndi a m'matauni ali ndi mwana amene sakhazikika akaona pepala ndi pensulo. Amalemba agalu, magalimoto ndi nkhope za aphunzitsi ace m'buku la masamu, ndipo akafunsidwa za nchito imene adzagwira atakula, ayankha kuti afuna kupanga makatuni, kapena zozizwitsa zija zioneka m'kanema, monga zilombo ndi nyumba zophulika. Atate amene anakalambira pansi pa mgodi amadabwa ndi yankho lotere, nafunsa ngati munthu angathe kudyetsa banja ndi zidole. Funso limeneli liri loyenera, ndipo yankho lace lipezeka m'mbiri ya nchitoyo, imene yatha tsopano zaka zoposa 100.

CITHUNZI SICIYENDA COKHA

Coyamba cofunika kudziwa ndi cakuti zithunzi za kanema ziri zoima. Makina amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ciri conse cosiyana pang'ono ndi cinzace, ndipo diso la munthu, polephera kuzilekanitsa, liona ngati cinthu ciri kuyenda. Pa miniti imodzi zipita zithunzi 1,440. Pojambula anthu amoyo kamera imatola yokha zithunzi zonsezi, koma kalulu wa pa pepala ayenera kulembedwa ndi munthu mobwereza-bwereza. Ngakhale amisiri amacepetsa nchito mwa kuonetsa cithunzi cimodzi kawiri, atsalabe ndi zithunzi 720 pa miniti iri yonse.

Amisiri oyamba anasenza katundu ameneyu pafupi-fupi okha. M'caka ca 1908 munthu wa ku France, dzina lace Émile Cohl, analemba zithunzi ngati 700, napanga nazo kanema wosafika maminiti awiri. Ku America, m'caka ca 1914, Winsor McCay anaonetsa cilombo ca makedzana cochedwa Gertie, cimene cinadya mtengo ndi kumwa thamanda lonse. Cinamtengera zithunzi ngati 10,000, ndipo womthandiza wace anali kulembanso miyala ndi madzi a kumbuyo pa pepala liri lonse. Nchito yocedwa motere sikanatha kudyetsa anthu ambiri.

Caka comweco Earl Hurd analembetsa ku boma nzeru yatsopano. Nyama yoyendayo inalembedwa pa pepala loonekera ngati galasi, lochedwa celluloid, ndipo mitengo ndi nyumba za kumbuyo zinapakidwa kamodzi kokha, niziikidwa pansi pace. Hurd anagwirizana ndi John Bray wa ku New York, amene anagawa nchito monga igawika pa mgodi, pamene wina aboola mwala, wina aphulitsa, wina apakira, ndipo kapitao ayang'anira onse. Mmisiri wamkuru alemba poyambira ndi pothera pa kayendedwe ka nyama, wophunzira adzaza zithunzi za pakati, wina atsata mizere ndi inki, wina apaka utoto, wina ajambula ndi kamera. Kuyambira pamenepo luso la munthu mmodzi linasanduka nchito ya tikiti, ya mabwana ndi anchito, ndipo panabuka mafunso awiri amene sanathe kufikira lero: mwini wa cinthu copangidwaco ndani, ndipo amene anacipanga alandira zingati?

KALULU WOLANDIDWA

Funso loyamba linagwera Walt Disney mwini wace. Iye ndi mkuru wace Roy anatsegula kampani yao ku Los Angeles m'caka ca 1923, ndipo m'caka ca 1927 anayamba kupanga makatuni a kalulu wochedwa Oswald, amene anthu anamkonda. Kuciyambi kwa 1928 Walt anakwera sitima kunka ku New York kukapempha Charles Mintz, amene anali kumgulitsira makatuniwo, kuti amuonjezere ndalama. Kumeneko anamva kuti ndalama zidzacepetsedwa, kuti amisiri ace ambiri analembedwa kale nchito ndi Mintz mobisa, ndi kuti monga mwa pangano, kaluluyo anali wa kampani ya Universal. Anabwerera cimanja-manja.

Mmisiri wamkuru amene anakana kumsiya anali Ub Iwerks, ndipo dzanja lace ndilo linalemba mbewa yochedwa Mickey Mouse. Katuni wace wa mau ndi nyimbo, Steamboat Willie, anaonetsedwa pa 18 November 1928, mbewayo nichuka pa dziko lonse. Kuyambira nthawi iyo Walt anasamala kuti nyama zonse zolembedwa m'kampani yace zikhale za kampaniyo. Kalulu uja anabwerera kwa Disney m'caka ca 2006, patapita zaka 78, Walt atamwalira kale.

Koma nzeru imene Walt anaphunzira kwa Mintz inawawa anchito ace. Zonse analemba iwo zinali za kampani, ndipo m'zaka za m'ma 1930 makatuni aafupi anali kuturuka ndi dzina la Walt lokha. Apa ndi pamene funso laciwiri linayamba kutentha.

KUNYANYALA KWA 1941

Mu December 1937 kampaniyo inaturutsa Snow White and the Seven Dwarfs, katuni wautali wa maminiti 83. Anthu mazana ambiri anagwirapo nchito kwa zaka ngati zitatu. Anadya madola pafupi-fupi 1,500,000, nabweza ngati madola 8,000,000 pa kuonetsedwa kwace koyamba. Pothamangira kummaliza, anchito anagwira usiku ndi masiku opumula osalandira za ovataimu, ali kuyembekeza kuti phindu likabwera adzagawana. Mphatso zinaperekedwa ndithu, koma mosalingana, ndipo ndalama zambiri zinamangira nyumba zatsopano za kampani ku Burbank. Posacedwa nkhondo ya Hitler inatseka misika ya ku Ulaya. Pinocchio ndi Fantasia, makatuni a caka ca 1940, sanabweze ndalama zao pa nthawiyo, ndipo kampani inayamba kucotsa anthu.

Malipiro anali osiyana modabwitsa. Mmisiri wamkuru anali kulandira kufikira madola 300 pa sabata, pamene wa pansi anali kulandira madola 12. Ambiri a pansiwo anali akazi a ku cipinda ca inki ndi utoto. M'caka ca 1938 kampani inali kuyankha atsikana ofunsira nchito kuti ku sukulu yace ya amisiri oyendetsa zithunzi akazi salandiridwa.

Amene anaimira anchito a pansi anali Art Babbitt, mmodzi wa olandira ndalama zambiri, yemwe anapatsa Goofy khalidwe lace ndi kulemba mfumukazi yoipa ya m'Snow White. Iye analowa bungwe la anchito lochedwa Screen Cartoonists Guild, nayamba kukopa anzace. Kumapeto kwa May 1941 anacotsedwa nchito, ndipo sabata lomwelo anthu oposa 200 anaima pa cipata ndi zikwangwani zolembedwa ndi luso lomwe lija linalemeretsa kampani. Kunyanyalako kunatha mwezi ndi kupitirira. Boma linatumiza mkhalapakati, Walt anacoka kunka ulendo wa ku South America, ndipo kampani inabvomereza bungwelo. Malipiro a anthu a pansi anakwera, ndipo patapita zaka zowerengeka maina a amisiri anayamba kuoneka pa makatuni aafupi.

Cipambanoco cinali ndi mtengo wace. Anthu ambiri anacotsedwabe nchito pambuyo pace, maubwenzi akale anasweka, ndipo m'caka ca 1947 Walt anaima pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo, nanena kuti ena a atsogoleri aja anali Akomyunisti. Ena mwa ocokawo anayambitsa kampani yao-yao yochedwa UPA, imene inachuka ndi nkhalamba yosaona bwino, Mr. Magoo.

KUFIKA KWA KOMPYUTA

Nchito ya makatuni iri ndi mbale wace, ndiye luso loika m'kanema wa anthu enieni zinthu zimene kamera singathe kuzipeza. M'caka ca 1975 George Lucas anasonkhanitsa acinyamata m'nyumba yosungiramo katundu ku Van Nuys, ku California, kuti ampangire zombo za m'mlengalenga za Star Wars, kanema wa 1977. Gululo linachedwa Industrial Light & Magic, ndipo poyamba linagwira nchito ndi timafanizo tosema ndi manja.

Mmodzi wa akatswiri a timafanizo anali Phil Tippett, amene anali kusuntha cidole pang'ono-pang'ono, najambula cithunzi cimodzi pa kusuntha kuli konse. Iye analembedwa nchito yopanga zilombo za Jurassic Park, kanema wa 1993. Koma anzace ataonetsa cilombo copangidwa m'kompyuta ciri kuyenda ngati camoyo, Tippett ananena kuti iyenso watha monga zinathera zilombozo. Sanathe ai. Eni kanema anamsunga kuti ayang'anire kayendedwe ka zilombo, pakuti iye anadziwa mmene nyama yolemera imapondera ndi mmene imatembenuzira khosi, ndipo analandira mphotho ya Oscar pamodzi ndi a kompyutawo. M'caka ca 1995 kampani ya Pixar inaturutsa Toy Story, katuni wautali woyamba wopangidwa yense m'kompyuta.

Zipangizo zinasintha, koma funso la malipiro linatsala. M'caka ca 2012 kunaturuka Life of Pi, nkhani ya mnyamata wokhala m'bwato pa nyanja pamodzi ndi tiger, mbale wa nyalugwe wa ku India. M'zithunzi zambiri nyamayo inapangidwa m'kompyuta ndi kampani ya Rhythm & Hues ya ku Los Angeles. Kanemayo anapeza madola oposa 600,000,000, koma mu February 2013 Rhythm & Hues inagwa ndi ngongole, nicotsa anchito oposa 200. Patapita masabata awiri amisiri ace analandira Oscar cifukwa ca nyama yomweyo. Anzao mazana angapo anali kunja pa mseu ndi zikwangwani, ndipo mtsogoleri wao Bill Westenhofer atayamba kuchula za tsoka la kampani, nyimbo inamiza mau ace.

Cifukwa ca kugwako cidziwika. Makampani otere amapikisana pa mtengo, ndipo yopambana imalonjeza kumaliza nchito ndi ndalama zoikika. Wotsogolera kanema akasintha maganizo nchito ibwerezedwa, koma kawiri-kawiri ndalama zoonjezera sizikwanira, ndipo kampaniyo iribe gawo pa phindu la kanema. Ndiponso maiko monga Canada ndi Britain amabwezera eni makanema gawo la ndalama zao, cotero nchito imasamuka, amisiri natsata pambuyo ndi akatundu ao. Mu September 2023, patapita zaka 82 cicitikire kunyanyala kwa ku Burbank, amisiri a zozizwitsa olembedwa ndi Marvel Studios, imene iri ya Disney, anabvota kulowa bungwe la anchito lochedwa IATSE. Lero nkhani ya makina anzeru ochedwa AI yalowanso m'zokambirana za mabungwe ndi eni makampani.

KHOMO LA KU LUSAKA

Kwa zaka zambiri anthu a kuno anali oonerera cabe. M'caka ca 2015 kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town inaitana olemba nkhani a mu Africa yense ku mpikisano. Zinafika nkhani zoposa 1,000, ndipo pakati pa 8 zosankhidwa panali ya Malenga Mulendema wa ku Zambia, yonena za atsikana anai a sukulu oteteza Lusaka wa m'tsogolo. M'caka ca 2019 Netflix inalengeza kuti yatenga nkhaniyo, ndipo mu July 2023 inaonetsedwa ndi dzina la Supa Team 4. Olemba zigawo zace onse anali akazi a mu Africa, cinthu cimene atsikana okanidwa a 1938 sakanacilota. Komabe zaka 8 zinapita pakati pa mpikisano ndi kuonetsedwa, ndipo nchito yaikuru yoyendetsa zithunzi inacitikira kunja kwa Zambia. Cimene cinatsegula khomo cinali nkhani ya kwao, imene mlendo sakanatha kuilemba.

Tsono atate aja angayankhidwe motere. Kupanga zithunzi zoyenda ndi nchito yeniyeni, ndipo yadyetsa mabanja zikwi zambiri. Njira yolowera yafupika, pakuti pulogalamu ya kompyuta yochedwa Blender ipezeka kwaulere pa intaneti, ndipo olemba nchito amayamba kuona zimene munthu wapanga asanafunse satifiketi. Mwana wofuna nchitoyi aphunzire kupenyetsetsa mmene mbuzi imadumphira ndi mmene munthu wotopa amayendera pocoka ku shifiti ya usiku, pakuti nzeru imeneyi ndiyo inapulumutsa Tippett. Adziwenso kuti nchito zambiri ziri za kontrakiti, zotha kanema akatha, motero ayenera kusunga ndalama ndi kukonzekera kusamuka.

Koposa zonse awerenge pangano asanasaine, nafunse kuti cimene adzalemba cidzakhala ca yani, ovataimu idzalipidwa bwanji, ndiponso dzina lace lidzaoneka kapena ai. Akuru anati safunsa anadya phula, ndipo Walt Disney anataya kalulu wace cifukwa ca mau a m'pangano. Akalowa nchito asadzipatule kwa anzace. Malipiro abwino ndi maina amene aoneka lero pa mapeto a katuni anawapeza anthu aja anaima pamodzi pa cipata ca ku Burbank, ndipo inu a ku migodi mudziwa bwino kuti mutu umodzi susenza denga.